Amalume Amene Sankadula Nyimbo

Amalume anga, achimwene awo a mayi anga, anamwalira asanadulepo nyimbo ngakhale imodzi. Ena amatchuka ndi mowa, ena ndi mabodza, ena ndi kukwatira pafupipafupi. Iwo anatchuka ndi dzanja. Nyimbo ikangoyamba, wina n'kutsegula pakamwa, ankakweza dzanja lamanja ngati wapolisi woimitsa galimoto, n'kunena liwu limodzi lokha: "Sinathe." Dzina lawo linasanduka lomwelo. Ana a mumsewu, ogulitsa mumsika, ngakhale madokotala amene anawasamalira kumapeto, onse ankangoti a Sinathe.

Ankayendetsa pulogalamu ya jazi Lamlungu lililonse masana pa kawailesi ka m'tauni mwathu. Ndikati kawailesi musaganize zazikulu. Ndi zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya penti ndi misomali, masitepe onunkha mafuta osungunulira penti, ndi situdiyo imene makoma ake anawamata mathireyi a mazira kuti phokoso la mumsewu lisalowe. Phokosolo linkalowabe. Mukamvetsera bwino zojambula za nthawi imeneyo, pansi pa lipenga mumamva munthu akutsatsa maloko.

Pulogalamu ya amalume ikatha, pankayenera kubwera nkhani za madzulo. Ndati pankayenera. Nyimbo za jazi si zapafupi. Woliza ng'oma akangopatsidwa mpata amaiwala kwawo. Choncho amayi owerenga nkhani, mayi wamtali wa magalasi omangirira chingwe m'khosi, ankaima pakhomo la situdiyo, mapepala ali m'manja, phazi likugunda pansi.

"Bambo, nthawi yakwana."

"Sinathe."

"Anthu akudikira nkhani."

"Nkhani zachitika kale, mayi, sizithawa. Mnyamata uyu lipenga lake akuliza panopa."

"Mnyamata ameneyo anafa ine ndisanabadwe!"

"N'chifukwa chake tiyenera kum'patsa ulemu."

Ndewu imeneyi inkachitika Lamlungu lililonse, kwa zaka zoposa zimene ine ndakhala ndi moyo, ndipo palibe tsiku limene amayi aja anapambana.

Magetsi akathima nyimbo ili pakati, amalume ankakhala phee, manja pamaondo. Akayaka, ankanyamula singano ya pachimbale n'kuibwezera pachiyambi penipeni. Ankati munthu wakudula mawu, ukabwerera sumayambira pakati pa chiganizo. Tsiku lina magetsi anavuta masana onse, kuthima n'kuyaka, kuthima n'kuyaka, moti tauni yonse inamva chiyambi cha nyimbo imodzimodziyo mpaka ometa tsitsi a kutsidya kwa msewu anachiloweza. Mpaka lero amachiimba ndi mluzu akamanola lumo. Mukawafunsa mapeto ake, sawadziwa.

Ndiye panali tsiku la moto. Chitini cha penti chinagwira moto m'sitolo ya pansi, utsi n'kukwera masitepe. Aliyense anathawa. Ozimitsa moto atafika pamwamba anapeza nkhalamba itavala tayi, mahedifoni kumutu, maso ali tsinzi, ikugwedeza mutu mu utsi.

"Madala, tulukani! Nyumba ikupsa!"

Dzanja m'mwamba.

Wozimitsa motoyo anali chimunthu chamapewa, wosadziwa za jazi. Anawanyamula pamodzi ndi mpando. Koma asanatuluke nawo, amalume anatambasula khosi n'kufikira maikolofoni: "Omvera, ndikuchotsedwa mokakamiza. Wa piyano apitiriza yekha." Ndipo anapitirizadi yekha, m'chipinda mopanda munthu. Moto utazima, amalume anakwera ali kutsokomola, napepesa kwa omvera kuti iwo mbali yomaliza sanaimve, naiyambiranso.

Mpaka apa mukhoza kumaseka ndi kumati, koma ndiye anali munthu wabwino. Dikirani. Apa m'pamene mkwiyo wanga ukuyambira, ndipo imfa yawo sinauziziritse.

Jazi ya amalume inali yopapatiza ngati khomo la khola la nkhuku. Lipenga, sakisofoni, piyano, ng'oma, ndi bezi yoimirira ija yaikulu ngati chitseko. Basi. Chida chilichonse cholumikiza kukhoma sichinkaloledwa. "Chinthu chofuna magetsi kuti chilire si chida choimbira," ankatero, "ndi simbi yositira." Mawu a munthu nawonso ayi. "Woimba ndi pakamwa ndi munthu amene analephera kugula lipenga." Zimbale zawo zinali m'sutikesi yofiirira yomanga ndi lamba wa thalauza, ndipo sutikesiyo inatsekedwa kalekale: chatsopano sichinkalowamo. Chimbale chilichonse ankachitulutsa ngati khanda, n'kuchipukuta ndi kansalu kachikasu, pang'onopang'ono, mozungulira, atafulatira makina, wailesi ili zii. Omvera atsopano ankamenya mawailesi awo poganiza kuti mabatire atha.

Zaka zonsezo, zimbale zomwezo. Tauni inkadziwa pamene chimbale chilichonse chinakandika. Ometa aja ankaimitsa lumo pamutu pa munthu n'kunena kuti, "Apa idumpha," ndipo inkadumphadi.

Mnyamata wina anaimba foni tsiku lina, wosadziwa kanthu, kupempha nyimbo yachikondi yomwe inali m'kamwa mwa aliyense chaka chimenecho, kuti ipite kwa bwenzi lake.

"Mtsikanayo mumam'konda?" anafunsa amalume.

"Kwambiri, bambo."

"Ndiye musam'patse zinyalala. Muuzeni akhale pansi amve izi."

Anamuikira bezi yokhayokha, munthu mmodzi akukoka zingwe ngati akutunga madzi m'chitsime chakuya. Mtsikanayo anakwatiwa ndi wina. Amalume atamva anati, "Ndam'pulumutsa. Mkazi wosapirira bezi sangapirire banja."

Zambiri mwa izi zinkachitika ine ndili kunja kwa dziko. Ndinapita kukaphunzira zojambula mawu, ndipo ndinakhalitsako kuposa mmene ndinalonjezera. Kumeneko ndinamva jazi m'zipinda zapansi zodzaza thukuta, sakisofoni ikuthamangitsana ndi ng'oma za makina, mtsikana akulakatula pamwamba pa piyano, zida za mayiko osiyanasiyana zikukangana ndi kugwirizana pa nsanja imodzi. Ndinabwera kwathu foni itadzaza nyimbo, mutu utadzaza maganizo, ntchito ndilibe. Mayi anga anatopa nane.

"Ukungozungulira m'nyumba muno ngati nkhuku yofuna poikira. Pita kwa amalume ako, akuti kuwailesi akufuna munthu wa pa makina."

Umu ndi mmene ndinapezekera nditakhala pambali pa a Sinathe Lamlungu lililonse, ntchito yanga kukweza ndi kutsitsa mawu. Dzina langa analiiwala dala. Ankanditchula kuti mtchona.

Lamlungu loyamba ndinapirira. Lachiwiri ndinaluma mlomo. Lachitatu ndinaphulika.

"Malume, jazi inapitirira. Simunamve?"

"Inapita kuti?"

"Kulikonse! Inakwatirana ndi nyimbo zina, inabereka ana, ana ake ali ndi zidzukulu."

"Ikakwatiwa isinthe dzina."

"Anthu amene mukuwalizawa, pa nthawi yawo nawonso ankanenedwa kuti akuwononga nyimbo."

"Ankawononga ndi manja awo, mtchona. Ako akuwononga ndi batani. Tatsitsa pang'ono mbali yakumanzere, piyano ikutsamwa."

Chokwiyitsa n'chakuti piyano inkatsamwadi.

Nthawi imeneyo kuwailesi kunali kutabwera bwana watsopano, bambo wa jekete yothina ndi mafoni awiri, amene ankayankhula ngati nthawi zonse akuwerenga chikwangwani. Anandiitanira mu ofesi yake, yomwe inalinso mosungira mipando yothyoka.

"Achemwali, amalume anu ndi chuma cha wailesi ino."

"Zikomo, bwana."

"Koma chuma chimasungidwa m'kabati. Achinyamata sakumvetsera. Otsatsa malonda akudandaula. Nkhani zikuchedwa. Mwezi uno ukamatha, pulogalamu ija ikhale italowa nyimbo zatsopano, apo ayi Lamlungu masana ndiyika kompyuta izisankha yokha. Kompyuta siikweza dzanja."

"Bwanji osawauza nokha?"

Anayang'ana foni imodzi, kenako inayo. "Nkhani za pabanja zimakoma pabanja."

Mantha okhaokha. Munthuyo ankaopa dzanja.

Ndinawauza amalume madzulo ake, pakhonde pa mayi anga, akumwa tiyi wawo wopanda shuga. Sanadzidzimuke n'komwe.

"Achotse. Ndizikaliza kunyumba, agalu azimva. Agalu samapempha nyimbo."

"Malume, nyimbo imodzi yokha yatsopano. Imodzi!"

"Mtchona, ukathira dontho limodzi la palafini mu tiyi, umati ndi dontho limodzi lokha?"

Ananyamuka, navala chipewa, napita. Ine ndinatsala ndikutukwana chamumtima, ndipo ndinati zawo izo, aichotse, mwina tauni ino ingapume. Mayi anga anatolera makapu osandiyang'ana.

"Ukudziwa chimene achimwene amachita Loweruka?" anatero. "Amasita malaya. Amapukuta nsapato. Amasankha tayi. Kupita pa wailesi, pamene palibe amene amawaona. Chimwalirire alamu anga, sabata yawo ili ndi tsiku limodzi lokha, masiku enawo n'kungodikira. Ukawalanda Lamlungu, ukagule ndi bokosi lomwe."

Ndinagona ndi mawu amenewo, ndipo ndinadzuka ndi nzeru yoipa kwambiri, imene mpaka lero ndimanyadira.

Lamlungu lotsatira, nyimbo yachiwiri itatha, amalume anafulatira makina monga mwa masiku onse, natulutsa chimbale china, nayamba kuchipukuta ndi kansalu kachikasu. Wailesi ili zii. Ine ndinali nditalumikiza kale foni yanga ku makina. Ndinadina batani.

Ng'oma za makina zinagwa m'situdiyo ngati matumba a simenti. Bezi yamagetsi inabangula. Kenako mayi wina wa mawu osasa anayamba, theka kuimba theka kuyankhula, ngati munthu wokalipira mwamuna wake pa zenera. Amalume anatembenuka, kansalu kali m'manja, pakamwa pali yasa. Dzanja lawo linapita ku batani lozimitsira. Linafika pafupi. Linaima pamenepo.

Ine ndinakweza langa.

"Sinathe, malume."

Sindidzaiwala nkhope imeneyo. Anayang'ana ine, anayang'ana batani, anayang'ana kudenga ngati akufunsa amene analenga adzukulu ndi ana a alongo kuti analakwa chiyani. Kenako anakhala pansi pang'onopang'ono, naika chimbale pamiyendo, natsinzina. Thukuta linatsika m'khosi mpaka kunyowetsa kolala yosita bwino ija. Anakhala ngati munthu ali pampando wa dokotala wozula mano. Ndipo ine, poti ndine mwana wa mlongo wawo, ndinali nditasankha nyimbo yaitali kuposa zonse za m'foni mwanga.

Itatha anapukuta nkhope ndi kansalu ka zimbale, chinthu chimene anali asanachitepo, natsegula maikolofoni.

"Omvera, zimene mwamvazi si jazi. Sindikudziwa kuti n'chiyani. Mwina chigayo chakwatira ambulansi. Waika ndi mwana wa mlongo wanga, mtchona, amene tinam'tumiza kunja kukatenga nzeru, n'kutibweretsera zimenezi. Koma mwaona nokha kuti ndaisiya yamaliza. Ngakhale wakuba amapatsidwa mpata woyankhula m'bwalo la milandu."

Foni ya m'situdiyo, imene inkagona ngati mphaka Lamlungu lililonse, inalira mpaka kutentha. Ometa ndiwo anayamba: "Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa! Mwanayo aikenso ina!" Mphunzitsi wina wopuma ntchito anati wazimitsa wailesi ndipo akupita kukagona. Atsikana a m'saluni anafunsa dzina la nyimboyo. Mayi wina anangoimba kuti amve ngati a Sinathe akadali moyo.

Kuyambira pamenepo chinakhala chizolowezi. Lamlungu lililonse, pakati pa pulogalamu, amalume ankausa moyo pa maikolofoni n'kunena kuti, "Tsopano yafika nthawi ya chilango. Nyimbo ya mtchona." Ndinkaika yanga, iwo n'kuimva yonse, maso ali tsinzi, kenako n'kuiweruza. Ina anati ikumveka ngati mapoto akugwa pa masitepe. Ina anati woimbayo apite kuchipatala, chinachake cham'kola pakhosi. Ina, ya zingwe za dziko lakutali zosakaniza ndi lipenga, anangoti, "Wa lipengayu ndam'mvera chisoni. Akuoneka kuti ndi mwana wa pabanja labwino, wangogwa m'gulu loipa."

Tauni inagawika pawiri. Kwa ometa anthu ankabwera Lamlungu ndi mitu yometa kale, kudzangokangana. Achinyamata amene poyamba ankathawa pulogalamuyi anayamba kumvetsera kuti amve mmene nkhalamba itukwanire, ndipo podikira chitukwanocho ankamva malipenga a m'sutikesi, ena mpaka kuwakonda mwangozi. Bwana anasiya kukamba za kompyuta. Pamsonkhano wa antchito ananena, nkhope ili gwa, kuti njira imene iye anaiganizira yabala zipatso.

Musaganize kuti ndinakhutira. Nyimbo imodzi pa masana onse! Dziko lonse la nyimbo likuima pamzere panja, ine n'kumalowetsa mmodzi mmodzi pa zenera ngati katundu wozembetsa. Ndinkanena nthawi imeneyo, ndipo ndikunenabe: amalume ankalakwitsa. Nyimbo imene waitsekera m'sutikesi kuti isadetsedwe imafa ndi ukhondo. Ana a m'tauni muno anakula akuganiza kuti jazi ndi maliro a anthu ovala tayi, ndipo mlandu umenewo ndi wa munthu mmodzi. Tinkakangana pa masitepe, tinkakangana mumsewu, tinkakangana pa tebulo la mayi anga mpaka iwo kutilanda mbale.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chinkandisokoneza mkwiyo. Kunja kuja ndinali ndi anzanga okonda nyimbo zamitundu yonse, anthu a mitima yotambasuka, ndipo ndikawaikira nyimbo ankati "eya, yabwino" isanafike n'komwe pakati, n'kuyamba kukamba zina, chala chili kale pa yotsatira. Amalume ayi. Tikutsika masitepe ankatha kunena kuti, "Chinyimbo chako chija, chakumapeto, wa bezi anagona pang'ono, wa ng'oma n'kumudikira. Makina sadikira munthu. Pamenepo panali munthu." Ndikakamvetseranso kunyumba, ndinkapeza kuti n'zoona, ndipo ine mwini nyimbo ndinali ndisanazimvepo. Ankadana ndi nyimbo zanga ndi makutu onse awiri. Palibe amene anazikondapo ndi khutu ngakhale limodzi lathunthu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Loweruka lina malaya anasitidwa, nsapato zinapukutidwa, koma Lamlungu pampando panalibe munthu. Anawapeza ndi mayi anga, atakhala pansi m'khitchini, akukana kuti sanagwe, angokhala. Kuchipatala anaonda msanga. Manja okha ndiwo anatsala aakulu.

Ndinapita kukawaona masana ena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana thumba langa.

"Kanyimbo kaja uli nako?"

"Kati, malume?"

"Ka mayi wosasa mawu. Koyamba kaja."

"Kamene munati chigayo chakwatira ambulansi?"

"Ndikufuna nditsimikize kuti n'koipadi. Munthu usamapite ndi chikaiko."

Tinagawana timahedifoni, kamodzi khutu lawo, kamodzi langa. Ili pakati, anamwino anafika ndi mankhwala pa kathireyi. Dzanja linanyamuka pa bulangete, pang'ono pokha, osafika n'komwe pachifuwa. Anamwinowo anali mwana wa m'tauni momwemo. Anaima, nadikira.

Itatha anavula kahedifoni n'kundibwezera.

"N'koipadi," anatero. "Koma wa sakisofoniyo anaphunzira kwa munthu."

Sabata yomweyo anatisiya.

Tsopano mverani zimene wailesi inachita, chifukwa ndi zimene zandikhazika pansi kulemba izi. Maliro atangotha, bwana anandiitana m'chipinda cha mipando yothyoka chija. Anati Lamlungu likubwerali kudzakhala pulogalamu yapadera yokumbukira a Sinathe. Iye mwini adzayankhula. Tidzaika zimbale za m'sutikesi, koma tizidutswa tokha, kuti zikwane zambiri, ndipo pakati pake padzakhala mauthenga a omvera ndi malonda a sitolo ya pansi, yomwe yadzipereka kuthandiza. Kuchokera Lamlungu linalo, kompyuta.

"Tizidutswa," ndinatero.

"Tokoma tokhatokha. Poyambira basi, kenako mumatsitsa."

"Bwana, munthuyu anakana kutuluka m'moto kuti asadule nyimbo. Mukufuna kumukumbukira pomudulira zimbale zake zonse tsiku limodzi?"

"Achemwali, musatengeke mtima. Ndipo inu mukuyenera kusangalala. Kompyuta ili ndi nyimbo zamitundumitundu, zakale, zatsopano, za kuno, za kunja. Si zimene munkamenyera nkhondo?"

Ine ndinkapempha kuti atsegule chitseko cha nyumba, uyu akugwetsa nyumbayo n'kumati taonani mpweya. Ndinam'pempha kuti andipatse pulogalamuyo ndiiyendetse ine, theka sutikesi, theka foni. Anamwetulira ngati ndapempha galimoto yake.

"Pulogalamu inali munthuyo. Munthuyo wapita."

Lamlungu linafika. Ndinakwera masitepe ndi sutikesi, lamba wake akundicheka zala. Bwana anakhala pampando wa amalume, atavala jekete yakuda, nayamba kuyankhula ndi mawu achisoni amene ndikukhulupirira anawayeserera pagalasi. Anati a Sinathe anali mtengo waukulu. Anati anali bwenzi lake lapamtima. Anayankhula mpaka nthawi ya nkhani kuyandikira. Kenako anandikodola kuti ndiike nyimbo yoyamba.

Ndinatulutsa chimbale chija cha woliza ng'oma woiwala kwawo, chimene chinachedwetsa nkhani kuposa china chilichonse m'mbiri ya wailesiyo. Ndinafulatira makina. Ndinachipukuta ndi kansalu kachikasu, pang'onopang'ono, mozungulira. Bwana anatsokomola. Ndinapitiriza kupukuta. Kenako ndinaika singano.

Lipenga litangomaliza moni wake, bwana anadutsitsa chala pakhosi, kundiuza kuti ndidule. Ndinayang'ana chimbale chikuzungulira. Anadutsitsanso chala. Ndinayang'ana mathireyi a mazira. Anandilembera pa kapepala, ine osawerenga. Piyano inalowa, inatuluka, bezi inatunga madzi ake, wa ng'oma anapatsidwa mpata. Nthawi ya malonda inadutsa. Nthawi ya mauthenga inadutsa. Bwana anavula mahedifoni, naimirira, nayamba kuzungulira tebulo kuti adzadine yekha batani.

Sanafike. Amayi owerenga nkhani anali atalowa mwakachetechete, mapepala ali m'manja monga mwa masiku onse. Anaima pakati pa bwana ndi makina, aatali ngati chitseko, magalasi ali pamphuno. Anasamutsira mapepala kudzanja lamanzere. Lamanja analikweza.

"Sinathe, bwana."

"Mayi, inunso? Si inu munkadandaula sabata iliyonse?"

"Ndinkadandaula kwa iwo. Inu si iwo. Khalani pansi."

Anakhala pansi. Tinamvetsera atatu, wina osayang'ana mnzake. Chakumapeto, pamene chimbalecho chinakandika, kunamveka mfuu kuchokera kutsidya kwa msewu, kudutsa zenera, kudutsa mathireyi a mazira, mawu a anthu ambiri pamodzi ndi a ometa pamwamba: "Apa idumpha!"

Inadumpha. Amayi a nkhani anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi mpango, nthawi yaitali kuposa imene magalasi amafuna. Nyimbo inatha yokha, ndi mapazi ake. Tsiku limenelo nkhani zinachedwa komaliza.

Ndikanakonda kukuuzani kuti bwana anasintha mtima. Sanasinthe. Pulogalamu inachotsedwa, ine anandisamutsira kojambula malonda, kumene ndimathera masiku ndikuuza anthu kuti anene "bwerani mudzaone nokha" mosangalala kwambiri. Lamlungu masana kompyuta imaika chilichonse. Ndinene zoona, nthawi zina imaikanso nyimbo zimene ine ndimazikonda. Imaziyamba bwinobwino, ndipo wa sakisofoni akangokoka mpweya kuti anene chimene wadzera, mawu amatsika pang'onopang'ono, n'kulowa munthu wogulitsa matailosi. Palibe amene amaimba foni kutukwana. Palibe amene amakonda, palibe amene amadana nazo. Ometa Lamlungu amatsegula wailesi ya mpira.

Sutikesi ili kunsi kwa bedi langa. Mayi anga amati ndikafuna kubwerera kunja ndine womasuka, koma ndinyamule ndi katundu wa achimwene awo, iwo sasunga zinthu zolira. Ndinayesa kuinyamula ndi dzanja limodzi. Ndikadali konkuno.

Tsiku lina ndinakumana ndi amayi a nkhani pa masitepe onunkha penti aja, iwo akutsika, ine ndikukwera. Ndinawafunsa ngati tsopano akupuma bwino, poti nkhani zikuyamba pa nthawi yake.

"Mwanawe, usandiseke," anatero. "Ukudziwa chimene ndinkachita pakhomo paja zaka zonse zija, ndikugunda phazi? Ndinkayeserera mayina ovuta a m'nkhani. Mayina a mizinda ya kutali, a nduna za mayiko a eni. Ndinkawatchula chamumtima motsatira bezi, mpaka lilime litawazolowera. Anthu ankati mayi uja salakwitsa dzina." Anakonza magalasi awo. "Tsopano ndikangolowa, kagetsi kofiira kayaka kale."

Madzulo amenewo ndinatsegula wailesi kunyumba. Nyimbo inali pakati, inatsitsidwa, ndipo nkhani zinayamba pa nthawi yake yeniyeni. Pa nkhani yachiwiri amayi aja anafika pa dzina la mzinda wina wakutali, anapunthwa, anabwerera, anapunthwanso, napepesa kwa omvera.

Mayi anga anali akusita pakona. Anaimika simbi, nayang'ana wailesi.

"Akanadikira ithe," anatero.